Msana wa mwana ukayamba kukhota, funsa za m'kati

Mwana wanga, khala pansi undimvere. Wakula, uli pabanja, ana ako akuthamanga pabwalo. Kudyetsa ndi kuveka mwana unaphunzira kwa amayi ako, koma pali nkhani ina imene kumapiri kwathu kuno sikambidwa, ndipo yalumaza ana amene akanathandizika. Ndi nkhani ya msana wa mwana umene umakhotera kumbali pang'onopang'ono. Anthu akauona amangoti ndi mmene analengedwera, n'kumusiya. Ine ndikuti ayi. Msana wa mwana wamng'ono ukakhota, nthawi zina fupa lilibe mlandu. Vuto limakhala m'kati, mu mtsempha umene fupalo lakuta, ndipo mtsempha umenewo ukaonongeka subwerera. Zimene ndikuuzezi uzisunge, paja mawu a akulu amakoma akagonera.

Uyambe wadziwa mmene msana ulili, chifukwa munthu sasamala chinthu chimene sakuchidziwa. Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 ta m'khosi, 12 togwira nthiti, 5 ta m'chiuno, ndi totsalato tolumikizana kumunsi. Pakati pa timafupato pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa mtsempha wofewa wochokera ku ubongo. Si mtsempha wa magazi ayi, ndi wonyamula uthenga. Ubongo ukafuna kuti dzanja ligwire khasu, uthenga umatsika momwemo. Phazi likaponda munga, uthenga umakwera momwemo. Ubongo ndi mtsempha umenewu zimakhala m'madzi oyera amene thupi limapanga lokha, pafupifupi theka la lita pa tsiku, ndipo madziwo amayenera kumayenda momasuka pakati pa mutu ndi msana.

Madzi amenewa akatsekeredwa njira, amafuna kolowera. Amalowa m'kati mwenimweni mwa mtsempha uja n'kupanga kathumba kotalika, kamene kawirikawiri kamayambira m'khosi n'kumatsika. Kathumbako sikaoneka kunja, sungakapapase ndi dzanja, ndiponso si khansa. Koma kakamakula kamafinya timitsempha toyandikana nako mpaka tina kufa. M'buku la kuchipatala adokotala amalemba kuti syringomyelia, ndipo kukhotera kumbali kwa msana amalemba kuti scoliosis. Uwagwire mayina awiriwa, kuti ukadzawaona pa buku la mwana wako usadzangolipinda n'kuliponya m'chikwama. Safunsa anadya phula.

Chimene chimatseka njira ya madziwo kawirikawiri n'chobadwa nacho. Pansi pa chigaza pali bowo limene mtsempha uja umatulukirapo. Mwa ana ena, mbali ya m'munsi ya ubongo imatsikira m'bowomo n'kulipanikiza. Dokotala wina wa ku Austria, Hans Chiari, analongosola vutoli mu 1891, ndipo mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Mwa ana ena kathumbako kamadza atadwala matenda oumitsa khosi kapena TB, matendawo atasiya zipsera zotseka njira. Mwa ena kamadza patapita miyezi kapena zaka atavulala msana, monga kugwa mumtengo kapena panjinga. Choncho mwana amene anadutsa m'zimenezi, ngakhale akuoneka kuti anachira, diso lako lisamuchoke.

Mwina ukufunsa kuti madzi a m'kati angakhotetse bwanji fupa. Umadziwa phesi la chimanga lolowedwa kapuchi. Kunja n'lobiriwira, koma limayamba kuwerama, ndipo mlimi wanzeru salimbana n'kulidzutsa, amaling'amba kuti aone chimene chadya m'kati. Msana umaima mowongoka chifukwa minofu ya kumanja ndi ya kumanzere imakoka mofanana. Kathumba kaja kakasokoneza uthenga wopita mbali imodzi, mbali inayo imapambana, ndipo msana wa mwana amene akukulabe umatsatira. Ana ambiri amene ali ndi kathumbaka chizindikiro chawo choyamba chimakhala chomwechi, asanadandaule kalikonse.

Ndiye choyamba kuchita n'chakuti uziuyang'ana msana wa mwana wako. Kuno kumazizira, ana amakhalira majuzi ndi nsalu, ndipo akafika zaka 7 kapena 8 amayamba kusamba okha. Msana ungakhote chaka chathunthu popanda wamkulu wouona. Kamodzi pa mwezi, masana kukuwala, muvule malaya umuimike chilili, iwe uli kumbuyo kwake. Uone ngati phewa lina lakwera kuposa linzake, ngati fupa la kumbuyo kwa phewa latuluka mbali imodzi, ngati chiuno chapendekeka, ngati mpendero wa diresi ukulendewera mbali imodzi. Kenako muuze aphatikize manja, aweramire kutsogolo mawondo ali chowongoka. Nthiti za mbali imodzi zikakwera kuposa zinazo, msana wakhota. Ngakhale adokotala amayambira pomwepo. Mtsikana akasinkhuka, amuone ndi mayi ake kapena agogo ake aakazi.

Usathamange mtima ukaona kukhota, chifukwa si msana uliwonse wokhota umene uli ndi kathumba. Mwa ana 100 amene akutha msinkhu, awiri kapena atatu amakhota msana pang'ono, makamaka atsikana, ndipo ambiri a iwo mtsempha wawo uli bwinobwino. Koma pali kukhota kumene kumafuna kuti udzuke msanga. Mwana asanakwane zaka 10. Mnyamata amene msana ukukhota kwambiri. Nthiti zotukuka kumanzere, pakuti kukhota wamba kumatukula za kumanja. Kukhota kumene kukuwonjezeka mwezi ndi mwezi. Kukhota kopweteka, makamaka usiku. Ukaona chimodzi mwa zimenezi, usagone nacho. Ndi ana otere amene adokotala amafuna kuwaona m'kati.

Nyengo ya chisanu uzitsegula maso pamoto. Mu Juni ndi Julaye, nkhungu ikakuta phiri la Dedza, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chongoni ana amaunjikana pa mafuwa ndi pa mbaula. Mwana wabwinobwino akakhudza khala amalira mudzi wonse kumva. Koma timitsempha tonyamula uthenga wa ululu ndi wa kutentha timadutsa pakatikati pa mtsempha wa msana, pomwe kathumba kamayambira, ndiye ndi timene timayamba kuonongeka. Mwana wotere ukamukhudza amamva, koma moto saumva bwino m'manja, m'mikono ndi m'mapewa. Amaphula mbatata pamoto ndi zala, amadzuka ndi matuza osadziwa kumene achokera, amadzicheka ndi mpeni osalira. Usamutame kuti ndi wolimba mtima. Mwana wosamva moto akudwala.

Uzimvetsera za mutu umene mwana akudandaula. Mutu wa malungo umadza ndi kutentha thupi. Uwu ndi wina. Umapweteka kunkhongo ndi m'khosi, ndipo umabwera mwadzidzidzi mwana akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri, akanyamula chinthu cholemera kapena akadzikakamiza kuchimbudzi, kenako n'kutha posachedwa. Zimatero chifukwa madzi aja amakankhidwa n'kupeza pabowo paja pathina. Mwana wosadziwa kulankhula amangogwira kunkhongo n'kulira. Ena amatsamwa pomeza, mawu amasasa, amaliza mkonono kapena kubanika ali m'tulo. Ukamangomupatsa panado wa pagolosale, ululu uzitha, koma chimene chikuubweretsa chizikulirakulira.

Uziyang'ananso manja ndi mapazi. Dzanja limodzi likayamba kuwonda, makamaka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mwana akamagwetsa kapu, akamalephera kumanga mabatani, zolemba zake kusukulu zikayamba kuipa, usamukalipire kuti ndi wosasamala. Akamapunthwa pamalo osalala, akamakoka mwendo, phazi limodzi likayamba kupindika kapena kuchepa kuposa linzake, nsapato imodzi ikamatha msanga mbali imodzi, umenewo si ulesi. Ndipo mwana amene anasiya kale kukodza pamphasa akayambiranso, kapena akamadzionongera osazindikira, usamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Chikhodzodzo nachonso chimalamulidwa ndi mtsempha womwewo. Chikwapu sichinachizepo mtsempha.

Mwana akangobadwa, umutembenuze uone kumunsi kwa msana. Pakakhala chotupa, kabowo kozama, kachitsotso ka tsitsi kapena banga lofiira pakati penipeni, uwaonetse anamwino musanatuluke m'chipatala. Ana obadwa msana usanatsekeke bwino, amene achipatala amati ali ndi spina bifida, ndiwo amakumana kwambiri ndi kathumba kaja ndiponso kukhota kwa msana. Ambiri a iwo madzi amachulukanso m'mutu, ndipo amaikidwa kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba. Kapaipiko kakatseka, mwana amasanza, amangogona, mutu umapweteka, ndipo kathumba ka mumsana kangakule. Mwana wotere sadikira tsiku la sikelo. Zikatero umathamanga naye tsiku lomwelo.

Usasokoneze kukhotera kumbali ndi linunda. Fupa likatuluka pamalo amodzi pakati pa msana, losongoka, lopweteka ukaligogoda, mwana akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akuyenda atagwira m'mawondo, ganiza za TB ya mafupa, makamaka ngati pakhomo panali wodwala chifuwa chachikulu. TB imadya fupa mpaka kuliphwanya, ndipo ingapuwalitse miyendo. Koma mankhwala ake alipo, ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa mpaka miyezi 12 popanda kudumphitsa. Dzanzi la m'manja nalonso lingachokere ku khate, limenenso limachizika. Kusiyanitsa matenda amenewa si ntchito yako kapena ya anzako a kumjigo. Ntchito yako n'kufika naye mwanayo kwa odziwa.

Usadziimbe mlandu kuti msana wakhota chifukwa unkamusenzetsa nkhuni kapena ndowa. Tonse tinakula ndi nkhata pamutu, kutsika nayo mitolo m'mapiri, ndipo misana yathu inaima. Kusenza kumatopetsa ndi kupweteketsa msana, koma sikubweretsa kukhota kumeneku. Kubereka mwana kumbuyo sikukubweretsanso, ngakhale kukhala mopendekeka m'kalasi. Komabe tamvera bwino: mwana amene wapezeka ndi kathumba kapena ndi vuto la kunkhongo lija, la bowo la pansi pa chigaza, asasenzenso katundu pamutu, asanyamule matumba a kachewere, asagwetsane ndi anzake, asamenye mpira ndi mutu, mpaka adokotala atalola. Kulemera ndi kudzikakamiza zimakankha madzi aja. Ntchito zopepuka zilipo zambiri pakhomo, sadzakhala mlesi.

Usaloze munthu chala. Matenda osaoneka chiyambi chake amabala mabodza. Ena adzati mayi ake sanasunge mwambo ali ndi pakati, ena adzati ndi tsempho, ena adzatchula agogo akumpoto kwa mudzi kuti ndiwo anamulodza. Ndaona mabanja akutha, abale akuleka kupatsana moto, nkhalamba zosalakwa zikuthamangitsidwa, koma msana wa mwana osawongoka ngakhale pang'ono. Matendawa amapezeka m'mayiko onse, kwa olemera ndi osauka, kwa opemphera ndi osapemphera. Miyezi imene mungathe mukuombeza ndi kuzengana milandu kwa amfumu ndi yomweyo imene kathumba kakukula. Pempherani, inde, pemphero limalimbitsa mtima, koma muzipemphera muli panjira yopita kuchipatala.

Usalole aliyense kuuwongola msanawo ndi mphamvu. Kuli anthu amene amati amadziwa kukoka, kuponda pamsana, kupotokola khosi mpaka lilire, kapena kumanga mwana ku thabwa. Pa mwana amene mtsempha wake wafinyidwa kale, kupotokola kumodzi kungamugoneke moyo wake wonse. Mphini nazonso uzikane. Mwana wosamva ululu sangakuuze kuti chilonda chafika poipa, ndipo lezala logwiritsa anthu ambiri limapatsira matenda ena. Usamuthowe ndi madzi otentha kapena ndi mwala wapamoto, chifukwa adzapsa osadziwa. Sindikunyoza nzeru za makolo, mitengo ina inatichiza ndithu. Koma palibe muzu umene ungatsegule bowo la pansi pa chigaza.

Njira yake iyambire pafupi. Uwauze alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, upite ku chipatala chaching'ono, kaya ndi ku Lobi, ku Mayani, ku Kasina, ku Mtendere kapena kumene kuli kufupi ndi iwe, upemphe kalata yopita nayo ku chipatala cha boma pa Dedza. M'zipatala za maboma muli adokotala a mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985 kuti thandizo lisamathere m'mizinda mokha. Ukalowa, upereke ulemu koma usameze mawu. Usangoti mwana akumva msana. Unene kuti unayamba liti kuona kukhota, kuti wapsa kangati osalira, kuti mutu umamupweteka akatsokomola, kuti wayambiranso kukodza pogona. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Adokotala amayenda ndi zimene wawauza.

Usadabwe ndi mayesedwe awo. Adzamuweramitsa, adzamugogoda m'mawondo ndi kanyundo, adzamubaya pang'ono ndi kanthu kosongoka m'mikono, adzamukanda pamimba kuti aone ngati mchombo ukugwedezeka mbali zonse. Mchombo ukagwedezeka mbali imodzi yokha, chimenecho n'chizindikiro chachikulu. Kenako adzamujambula ekisire n'kuyeza kukhotako m'madigiri. Kuyambira pa madigiri 10 amati msana wakhota. Pakati pa 25 ndi 40, mwana akadali kukula, amaganiza zomuveka chogwira msana. Kupitirira 45 kapena 50 amayamba kukamba za opaleshoni. Uwapemphe akulembere nambala imeneyo m'buku, chifukwa ndi imene idzakuuzeni ulendo wotsatira ngati zinthu zaima kapena zikupitirira.

Apa ndiye pagona nkhani, mwana wanga. Ekisire imaonetsa mafupa okha. Mtsempha suoneka, kathumba sikaoneka. Munthu angakuuze moona mtima kuti mafupa alibe vuto lina, kathumba kali phee m'katimo. Makina amene amaona mtsempha ndi a MRI. Oyamba m'dziko muno anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo makina otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu yokha. Mwana amagona m'kati mwake osagwedezeka kwa theka la ola kapena kuposerapo. Amachita phokoso koma sapweteka, sapopa magazi, saononga ubereki, ndipo ana aang'ono amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Mwana wako akakhala ndi zizindikiro ndatchula zija, ufunse mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi mtsempha wa m'kati tiuona bwanji?"

Akakutumiza ku Lilongwe, pita. Kuchoka pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 mumsewu wa M1, ulendo umene anthu amayenda tsiku ndi tsiku kukagulitsa kabichi ndi tomato. Pa chipatala cha Kamuzu Central pali tsopano chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, chimene chinamangidwa mothandizana ndi anthu a ku Norway n'kutsegulidwa mu 2023. Ku Blantyre, kuwonjezera pa Queen Elizabeth kumene kuli madokotala a ubongo, kuli Beit CURE, imene kuyambira 2002 yakhala ikuthandiza ana a mavuto a mafupa popanda kulipiritsa. M'masiku a ubwana wathu zonsezi kunalibe. Madokotala otere akadali ochepa ndipo mzere ndi wautali. Ukabwezedwa kuti ubwere tsiku lina, ubwererenso tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usanene kuti tipita tikakolola. Ndikudziwa kuti munda wa kachewere sudikira, feteleza ndi wodula, ndipo kuchipatala kumadya masiku. Koma msana umakhota mofulumira pamene mwana akukula mofulumira, ndipo nthawi imeneyo ndi ya kutha msinkhu: atsikana cha m'ma zaka 10 mpaka 14, anyamata mochedwerako pang'ono. Kukhota kumene kunali kochepa m'dzinja kungakhale kwakukulu pofika dzinja linalo. Madokotala aona kuti ana amene athandizidwa asanakwane zaka 10, msana usanakhote kwambiri, ndi amene kukhota kwawo kumaima kapena kubwerera m'mbuyo. Ochedwa nthawi zambiri amafunika opaleshoni ziwiri m'malo mwa imodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Munda ungalimidwe ndi abale, koma zaka za mwana palibe angakubwezere.

Akatchula opaleshoni, usathawe naye mwana usiku. Si kathumba kalikonse kamene kamafuna mpeni. Kena n'kakang'ono, sikakula, ndipo amangokayang'anira. Koma ngati njira yatsekeka kunkhongo, madokotala a ubongo amachotsa kachidutswa ka fupa la pansi pa chigaza, nthawi zina ndi kambali ka fupa loyamba la m'khosi, kuti madzi ayambenso kuyenda. Njira ikatseguka, kathumba kawirikawiri kamaphwa pakokha m'miyezi yotsatira. Ndipo dongosolo lake n'lakuti amayamba za m'kati, za mafupa pambuyo. Kuwongola msana ndi zitsulo kathumba kasanaonedwe kungakoke mtsempha wodwala kale n'kupuwalitsa mwana. Opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa zake. Ufunse zonse, akufotokozere m'Chichewa mpaka umve, kenako usaine ndi mtima umodzi.

Usayembekeze zimene sanakulonjeze, kuopa kudzataya mtima. Cholinga chachikulu cha opaleshoni ya kunkhongo n'kuimitsa kuonongeka. Mutu uja kawirikawiri umasiya. Koma dzanja limene linawonda kale mwina silidzadzazanso, ndipo khungu limene linasiya kumva moto mwina lidzakhala choncho. Msana wina umaima, wina umapitirira kukhota ndithu mpaka kufuna zitsulo. Zikatero sikuti adokotala alephera kapena kuti mwalodzedwanso. Madzi akatayika saoleka, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kufulumira. Chimene mwana wafika nacho kuchipatala chili chamoyo ndi chimene angapulumutse.

Mukabwerera kumudzi, ntchito sinathe. Akamupatsa chogwira msana cha pulasitiki, avale maola amene anena, ngakhale chikumutopetsa, ndipo madzulo alionse uone ngati sichinamusupule khungu, poti iye mwina sangamve. Akakula chimathina, ubwerere nacho akakonze. Mafizo amene akuphunzitsani muzichita tsiku ndi tsiku. A bungwe la MAP amathandiza pa mafizo ndi pa zida zoyendera, uwafunse. Madzi osamba uziyamba wawayesa iwe ndi dzanja lako. Pamoto azikhala kumbuyo kwa anzake, ndipo asaphule mphika. Buku la kuchipatala ndi zithunzi za ekisire uzisunge m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi kudontha kwa denga. Zikatayika, adokotala atsopano adzayambira pachiyambi, ndipo amene adzaluze nthawi ndi mwana wako.

Uteteze chifuwa chake. Msana ukakhota kwambiri umapotokola nthiti, ndipo mapapo amasowa malo. Mwa mwana wamng'ono n'zoopsa kwambiri, chifukwa mapapo amakhala akukulabe mpaka cha m'ma zaka 8. Mwana wotere chibayo chimamugwira msanga ndipo chimamugwetsa kwambiri. Kuzizira kwa kuno kumatichititsa kutseka zitseko n'kusonkha moto m'nyumba, koma utsi umenewo ndi mdani wake. Asagone m'nyumba yofuka, ndipo mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka. Alandire katemera yense, adye nyemba, mazira, nsinjiro ndi ndiwo zamasamba kuti thupi likhale ndi mphamvu. Akayamba kupuma mofulumira kapena mobanika, usadikire kuti kuche kawiri.

Usausenze wekha mtolo umenewu, mutu umodzi susenza denga. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma minibasi, chakudya cha womudikirira ndi masiku otayika kumunda zimafuna ndalama. Uwakhazike pansi amalume ake a mwanayo, akuchimuna ndi akuchikazi omwe, muuze amfumu ndi akumpingo, mugawane: wina ndalama ya ulendo, wina kupalira munda, wina kusunga ana otsala. Ngati uli mu banki m'khonde, ino ndiyo nthawi yake. Ndipo iwe mwana wanga wamwamuna, usamusiyire mkazi wako yekha ngati kuti mwanayo anam'bereka yekha. Mwamuna wothawa mwana wodwala ulemu wake umathera pomwepo, ngakhale atamanga nyumba ya malata.

Asasiye sukulu, ndipo usamubise m'nyumba. Kathumba ka mumsana sikachotsa nzeru. Mwana amene sadzatha kulima mizere yambiri kapena kusenza matumba ndi amene akufunika pensulo koposa anzake onse. Ukaonane ndi aphunzitsi, uwafotokozere, kuti asamupatse chibalo chonyamula njerwa kapena kukumba dzenje, ndiponso kuti amulole kutuluka akafuna kukataya madzi. Kuyambira mu 2012 dziko lino lili ndi lamulo loletsa kusala anthu aulumali pasukulu ndi kuchipatala. Pakhomo pako pasamveke dzina lomunyoza, ngakhale moseka, chifukwa ana a m'mudzi amatola pakamwa pa akulu. Womuseka umukumbutse kuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwana wokula akudziwa kuti kwawo amamunyadira amaima pagulu, ngakhale msana wake utapendekeka.

Iwe mwana wanga wamkazi amene ukuganiza zotenga pakati, pali mbali imene ungaitchinge. Msana wa khanda umatsekeka m'masiku 28 oyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Vitamini wotchedwa folic acid, amene ali m'mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, amachepetsa kwambiri kubadwa kwa ana a msana wosatsekeka, koma amagwira ntchito ukayamba kumwa pakati pasanakhale. Ndiye usadikire mimba kuoneka. Ufunse anamwino msanga, makamaka ngati unaberekapo mwana wotere kapena umamwa mankhwala a khunyu. Uzidya nyemba, bonongwe, nkhwani ndi chisoso. Vuto la kunkhongo lija silitchingika ndi mapiritsi, koma chimene chingatchingike tichitchinge.

Pomaliza, diso lako lisathere pa ana ako okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ukaona kamtsikana ka oyandikana nawo kakuyenda phewa limodzi lili m'mwamba, kapena kamnyamata kali ndi zipsera za moto m'manja monse, usakakambe kumjigo. Pita kwa mayi ake pambali, mwaulemu, uwauze zimene wamvazi, ndipo ngati akuopa uwaperekeze. Mwina akakukwiyira lero, koma adzakuthokoza mwanayo akadzayenda yekha kupita ku sekondale. Ana samadzitengera okha kuchipatala, amadalira maso ndi miyendo ya akulu. Tsiku lina mwana wako adzakula n'kukufunsa kuti, "Kodi munaona liti, nanga munachitapo chiyani?" Yankho la funso limenelo ulikonze lero, mwana wanga, nthawi ikadalipo.